Mphaka M'nyumba, Mbalame Pabwalo

Ndikulankhula ndi inu amene mwakhala pa mphasa pafupi ndi wailesi kudikira kuti nsima ipse, inu a kwa Mkanda, a kwa Mavwere, a kwa Mlonyeni ndi a kwa Zulu, ndi inunso a tsidya lija la Mwami amene mawu athu amakufikani osaima pa chipata kuti aonetse chiphaso. Ndiyambe ndi kupepesa, pakuti nkhani imene ndanyamula lero si ya mtengo wa fodya ku okushoni, si ya feteleza, ndiponso si ya mtedza umene udatchukitsa boma lathu lino la Mchinji. Ndi ya kanyama kamene munthu akamawerenga chuma chake, atatha kutchula ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku ndi nkhunda, sakakumbuka n'komwe, chikhalirecho ndi kamene kamagona pafupi zedi ndi chakudya chake. Ndikunena mphaka, amene ena amati chona, yemwe ana athu amamuitana kuti "pusi, pusi," ngati kuti ndi mbale wa apusi a m'phiri. Pamodzi ndi mphakayo ndikambanso za alendo amene amafika pabwalo pathu m'mawa uliwonse osanena odi, ndiwo mbalame, abuluzi ndi anzawo, popeza ndaona kuti munthu wofuna kuweta mphaka ndi kukondweranso ndi alendowo ali ndi mlandu woti aweruze pakhomo pake, ndipo mlanduwo sangautumize kwa mfumu.

Ine mlandu umenewu udandipeza chaka chatha m'mwezi wa Okutobala, nyengo imene dzuwa limaswa mtengo, timitsinje totsikira ku Bua taphwa, ndipo madambo amene mu Febuluwale munthu sangaoloke osapinda buluku asanduka fumbi lokhalokha. Mtsuko wa amayi a kunyumba kwathu udasweka pa chitsime, ndipo ine, poona kuti kunsi kwake kwatsala phale lalikulu losang'aluka, ndidalipempha, ndi kuliika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndi kuthiramo madzi, osaganiza zambiri koma kungomvera chisoni mbalame zimene ndinkaziona masana zitayasama kukamwa ndi ludzu. Tsiku loyamba sipadafike kanthu. Tsiku lachitatu, kusanache bwino, adatera apumbwa awiri, aphokoso monga mwa chikhalidwe chawo, chikasu chawo cha kunsi kwa mchira chikuonekera akamawerama. Pambuyo pawo padadza mpheta, gulu lonse nthawi imodzi, kenaka timbalame tija ta chifuwa chobiriwira ngati thambo timene timayenda tiwiritiwiri, ndipo potsiriza, dzuwa litakwera, njiwa, yoyenda mwaulemu ngati mkazi wa mfumu wopita ku madzi.

Pa phale limenelo ndidaphunzira, ndili ndi imvi kale, chinthu chimene ndidakhala ndikuchipenya moyo wanga wonse koma osachiona. Nkhuku, pumbwa ndi mpheta zikatunga madzi ndi mlomo zimatukula mutu kuti madziwo atsike, ndipo agogo ankatiuza kuti zikuthokoza Namalenga. Koma njiwa, pamodzi ndi mbale wake nkhunda, imaviika mlomo ndi kumwa mosalekeza ngati ng'ombe, osaweramuka kufikira itakhuta. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndidayamba kudekha, kapu ya tiyi ili m'manja, mpando uli pa khonde, m'mawa ndi m'mawa.

Koma tsono sindinali ndekha wodekha pakhomopo. M'mawa wina ndidaona nthochi za pafupi ndi bafa zikugwedezeka pang'ono popanda mphepo, ndipo kunsi kwake kudali mphaka wathu, mimba ili pansi, makutu ataloza kutsogolo, nsonga ya mchira yokha ikunjenjemera. Ndipo ndisanatule kapu, ndisanatsegule ndi pakamwa pomwe, iye adali pa phale, madzi atamwazika, nthenga zili m'mwamba. Adabwera naye pumbwayo kudzamuika pa mapazi anga, nakhala pansi ndi kundiyang'ana monga mlenje woyembekeza kuyamikidwa, pamene mnzake wa wakufayo ankalira mu mtengo wa mango mpaka dzuwa lidafika pa liwombo. Amayi a kunyumba, amene sataya mawu, adangoti, "Bambo, kodi mumati mukumwetsa mbalame kapena mukutchera?" Ndipo adalasa, pakuti phale lija lidasanduka msampha, wotchera wake ndine, mphaka adangobwera kudzawonjola.

Ndisanapitirire, ndimuimire mphakayo kumbali yake, chifukwa sikoyenera kuweruza munthu, ngakhale chiweto, osamva za m'kamwa mwake. Tidamutenga ali kamwana chifukwa cha makoswe, amene adatiboolera matumba a mtedza, nadya sopo, nalumanso chala cha mwana ali m'tulo. Ndipo chifikireni iye, phokoso la pa denga lidatha. Aliyense amene adagonapo m'nyumba ya makoswe sangamunyoze mphaka. Khoswe wa m'nyumba ameneyu, mwina simudziwa, si mbadwa ya dziko lino monga mbewa za kumunda zimene anyamata amakumba pambuyo pa kukolola ndi kuzigulitsa pa mpani m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe. Kwawo kwenikweni ndi ku Asia, ndipo adafika ku Africa m'zombo za amalonda, nalowa kumtunda potsata katundu wa anthu. Chiyambire masiku amene boma lino linkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata inkatchedwa Fort Jameson, njira ino yakhala ya matumba, pamitu, pa ngolo, pa malole ndi pa njanji, ndipo kumene kwadutsa thumba khoswe sasowa malo okwera. Ndiye mlendo amene sadafunsidwepo chitupa pa malire alionse.

Mphaka, kumbali yake, ali ndi mbale wake m'tchire mwathu momwe muno, ndiye vumbwe, amene amayi athu amamutemberera akalowa m'khola la nkhuku. Akatswiri adapeza kuti amphaka onse a pakhomo a dziko lapansi ndi zidzukulu za vumbwe wa mtundu umenewo, amene zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, anthu a kumaiko a Kum'mawa kwa Pakati atayamba kulima ndi kusunga tirigu, adasendera yekha kufupi ndi nkhokwe zawo potsata timakoswe, ndipo anthuwo, poona phindu lake, sadamupirikitse. Pa chilumba cha Cyprus adafukula manda a zaka 9,500 m'mene munthu adaikidwa pamodzi ndi mphaka. Ndipo Aejipito, kwawo kwa Farao, adafika pomulemekeza kotero kuti akafa ankamukonza ndi mankhwala ndi kumukulunga m'nsalu monga mwana wa mfumu. Chodabwitsa n'chakuti mu Buku Lopatulika, limene lidatuluka lathunthu m'chinenero chathu m'chaka cha 1922, mudzapezamo galu, bulu, ngamira, mpheta ndi nyerere, koma mphaka wa pakhomo simudzamupezamo. Ndi abale athu a ku Guilleme, ku Ludzi ndi ku Kachebere okha amene angamuloze, m'kalata ya Yeremiya ya m'mabuku amene Akatolika amawerenga, m'mene mlembi, poseka mafano a ku Babulo, amatchula amphaka pakati pa zolengedwa zokhala pa mafanowo mopanda mantha.

Chimene tiyenera kugwira pa mbiri yonseyi ndi ichi, chakuti pangano la munthu ndi mphaka lidapanganidwa pa nkhokwe, ndipo lidali la makoswe. Koma mphakayo sadauzidwe malire a panganolo, ndipo ngakhale adakauzidwa sakadamva, pakuti mtima wa vumbwe udakali mwa iye wathunthu. Galu tidamusintha mpaka adaiwala za makolo ake, koma mphaka tidangomubwereka. Sasaka chifukwa cha njala yokha: chilichonse chothawa, chouluka kapena chokwawa chimadzutsa mwa iye chinthu chimene mbale yodzaza siingagoneke. Ndipo apa pali kusiyana kwakukulu ndi vumbwe, pakuti vumbwe amakhala yekha m'dera lalikulu, ndipo nyama zikachepa nayenso amachepa, pamene amphaka a m'mudzi, odyetsedwa mkute ndi kutetezedwa ku mvula, amachuluka osalabadira kuti mbalame zatsala zingati.

Kumaiko kumene anthu ali ndi nthawi ndi zipangizo zowerengera zinthu zotere adawerenga, ndipo chiwerengerocho chimaumitsa m'kamwa. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku America adalengeza kuti m'dziko lawo lokha amphaka amapha mbalame zosachepera 1.3 biliyoni pa chaka, mwinanso kufika 4 biliyoni, ndi kuti zochuluka mwa izo zimaphedwa ndi amphaka opanda mwini. Wina anganene kuti kumeneko n'kutali; tsono tiyeni tibwere ku Cape Town, kumene ana athu ambiri akugwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa. Kumeneko adamangirira timakamera m'khosi mwa amphaka a pakhomo kuti aone zimene amachita akachoka pamaso pa eni ake, ndipo zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2020, zidaonetsa kuti pa nyama khumi zilizonse zimene mphaka wapha, zosakwana ziwiri ndizo amabwera nazo kunyumba, zinazo amadyera konko kapena kungozisiya. Zambiri mwa zosabwera nazozo ndi abuluzi ndi anzawo okwawa, ndipo amphaka a mzinda umodzi umenewo amapha nyama pafupifupi 27.5 miliyoni pa chaka. Chotero pumbwa amene adaikidwa pa mapazi anga adali khoswe wa padenga woulula wa padzala: kumbuyo kwake kudali mzere wautali wa akufa amene sindidawaone.

Koma nkhani imene imandikhalitsa chete ndi ya chilumba cha Marion, cholamulidwa ndi South Africa, chimene chili pakati pa nyanja yozizira, makilomita oposa 1,700 kuchokera ku gombe, kumene kulibe mudzi koma nyumba za anthu oyeza za nyengo. Anthuwo, atatopa ndi timakoswe, adatengerako amphaka asanu m'chaka cha 1949, monga momwe inu ndi ine tikadachitira. Amphakawo adaona kuti mbalame za m'nyanja, zimene zimaikira mazira m'mauna ndipo chilengedwere sizidaonepo mdani wa miyendo inayi, n'zosavuta kugwira kuposa timakoswe. Ndipo pofika 1977 asanu aja adasanduka pafupifupi 3,400, akudya mbalame zoposa 400,000 chaka chilichonse. Padapita zaka zambiri ndi chuma chambiri kuti awathe, ndipo wotsiriza adachotsedwa mu 1991. Nanga timakoswe tija? Tidakalipo, tachuluka, ndipo lero tikudya anapiye a mbalame zikuluzikulu za m'nyanja ali amoyo pa chisa, kotero kuti tsopano akukonza nkhondo ina yolimbana nato. Walira mvula walira matope. Koma awa adalira mvula, matope adadza, ndipo ludzu lidatsala pomwepo.

Ndikati mphaka azikhala m'nyumba, ndikumva wina wa ku Kamwendo kapena ku Kapiri akuti, "Akulu inu, zimenezo n'za azungu amene amagona ndi amphaka pa bedi, mphaka wotsekeredwa angagwire bwanji khoswe?" Funso limenelo ndi lolemera, ndipo sindilinyoza, koma ndikupemphani kuti muyang'ane pakhomo panu ndi kundiuza kumene kuli chimanga chanu usiku uno. Masiku a makolo athu chinkakhala m'nkhokwe pabwalo, ndipo mphaka adayenera kukhala pabwalo pomwepo. Lero, chifukwa cha akuba ndi anankafumbwe, ambiri a ife timatonola, kuthira mankhwala, kusoka m'matumba ndi kusanja m'chipinda, pamodzi ndi mtedza ndi soya, mwini wake akugona tsidya la khoma. Nkhokwe idalowa m'nyumba, khoswe adailondola, ndipo mlonda yekha ndiye tidamusiya kunja, kumene akulonda mpheta. Kumulowetsa m'nyumba sikumuchotsa ntchito ayi, koma kumubwezera pa ntchito imene tidamulembera.

Ndiponso tisamukweze mopitirira muyeso. Ku Eswatini, dziko limene kale tinkati Swaziland, akatswiri adayesa m'makomo a kumudzi onga athu omwewa, ndipo mu 2017 adalengeza kuti pakhomo pokhala mphaka yekha, kapena galu yekha, makoswe sankachita mantha kwenikweni, koma pokhala onse awiri ndipo ankaopa kutuluka kudzadya. Adani awiri akalewo, osadziwa, amagwirira ntchito bwana mmodzi. Ndipo ngakhale onsewo alipo, thumba losanjidwa pa thandala kutali ndi khoma, mbale zotsukidwa usiku ndi una wotsekedwa ndi dothi kapena simenti zimachita zimene mphaka sangachite.

Tsono ndikuuzeni zimene tidachita kwathu, osati monga mphunzitsi, koma monga munthu amene adayamba walakwa. Poyamba ndidachotsa phale lija pansi, ndi kuliika pamwamba pa mtengo wa mphanda wofika m'chifuwa, poyera, kutali ndi nthochi ndi chitsamba chilichonse chimene mlenje angabisalemo, pakuti mbalame imene ikuona mbali zonse siigwidwa wamba; ndipo madzi ake timasintha tsiku ndi tsiku, kuopa kuweta udzudzu m'dzina la chifundo. Kenaka tidayamba kumutsekera mphakayo m'nyumba kuyambira dzuwa likamapendeka mpaka litakwera m'mawa, chifukwa chisisira ndi m'bandakucha ndizo nthawi zake zosaka, ndizonso nthawi zimene mbalame zimatsika kudzadya. Usiku woyamba adalira ngati mwana wosiyidwa pa msika, akukanda chitseko ndi kuyendayenda pa matumba, ndipo amayi a kunyumba adati, "Mawa mukagone naye ku khitchini, inu ndi mbalame zanuzo." Usiku wachiwiri adatulukira pa zenera, pakuti zitsulo zotchinga akuba kwa mphaka ndi khomo lotsegula, ndipo ndidayenera kukhomapo sefa. Pofika sabata yachiwiri adazolowera, nasankha thumba lapamwamba penipeni kukhala mpando wake wachifumu.

Zofunika zake si zambiri, koma sizilumphika. Beseni lakale lothiramo mchenga wa kumtsinje, loikidwa pakona, ndilo chimbudzi chake, ndipo safuna kuphunzitsidwa kawiri, pakuti kukwirira n'chibadwa chake; mchengawo utayidwe tsiku lililonse, koma osati ndi mayi woyembekezera, chifukwa m'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala kachilombo kovulaza mwana wosabadwa. Chakudya chake chisakhale nsima yokha, poganiza kuti njala imuchititsa khama pa makoswe. Mphaka ndi wa nyama, thupi lake silikhuta ufa, ndipo wanjala ndiye amapita kutali, naba ndiwo za eni ake, nabwera ndi mlandu. Kausipa pang'ono, mitu ya nsomba, matumbo a nkhuku tsiku lopha nkhuku, n'zokwanira. Ku England, akatswiri a ku yunivesite ya Exeter adapeza mu 2021 kuti amphaka odyetsedwa chakudya cha nyama yambiri adachepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu nyama zimene ankabwera nazo kunyumba, ndi kuti kusewera nawo mphindi zisanu kapena khumi pa tsiku kudachepetsanso ndi gawo limodzi mwa anayi. Ndipo ntchito imeneyo, ya kukoka nthenga ya nkhuku yomangidwa ku luzi, zidzukulu zanga zidailandira popanda kukakamizidwa. Potsiriza ndidagula waya wa nkhuku ndi kutchinga mbali imodzi ya khonde, kuyambira pansi mpaka ku denga, kuti masana aziothera dzuwa m'menemo ndi kupenya dziko. Anansi adaseka, nati adaonapo khola la nkhunda ndi la akalulu, koma la mphaka ayi. Sindidawayankhe kuti mumzinda wa Canberra ku Australia lamulo limati mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Julayi 2022 asatuluke pakhomo pa mwini wake, chifukwa akadati ndayamba kudzitama ndi za m'manyuzipepala.

Musaganize kuti phindu lonse lapita kwa mbalame, pakuti mphaka woyendayenda usiku m'dziko lathu lino sakalamba. Malole opita ku Zambia saima chifukwa cha iye. Agalu a m'mudzi amamung'amba. Ndipo choopsa koposa ndi timibulu takuda tija totchedwa tameki, togulitsidwa pa msika m'timapepala, timene munthu amathira pa nsima kuti aphe khoswe, koma khosweyo akamadzandira asanafe amagwidwa ndi mphaka wa mnansi, ndipo maliro amakhala awiri. Mankhwala omwewo, tikudziwa tonse, alowetsa chisoni m'mabanja ambiri, ndipo sayenera kukhala m'nyumba ya ana. Palinso chiwewe, chimene ambiri amayesa ndi cha agalu okha, chikhalirecho mphaka wolumidwa kutchire amabwera nacho pa mphasa pamene pakukwawa mwana. Alangizi a ziweto akalengeza katemera, makamaka cha m'mwezi wa Sepitembala pamene dziko lonse limakumbukira matendawa pa 28, mutengereni mphaka pamodzi ndi galu, m'dengu lotseka. Ndipo wolumidwa kapena kukandidwa ndi nyama yokayikitsa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndi kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone.

Pali chinanso chimene timanong'onezana koma sitichinena pa bwalo. Mphaka wachilendo, makamaka wakuda, akapezeka pakhomo pa munthu pakati pa usiku, ambiri saona chiweto chosochera koma mthenga wa mfiti, ndipo m'mawa mwake mphakayo ndi wakufa, mwinanso gogo wina wosalakwa wayamba kulozedwa chala, ngakhale kuti lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Sindidabwere kudzatsutsana ndi zimene munthu amakhulupirira mumtima mwake. Ndingoti mphaka wogona m'nyumba ya mwini wake sayambitsa mlandu wotere. Mnzake pa tsoka limeneli ndi kadzidzi, amene timamugenda akalira pa denga, osadziwa kuti wabwera chifukwa padengapo pali makoswe, ndi kuti banja limodzi la akadzidzi lolera ana limadya makoswe ndi mbewa zochuluka kuposa zimene mphaka wokhuta angagwire, osapempha usipa ngakhale umodzi.

Za kuswana ndinene mwachidule. Mphaka wamkazi amatenga bere la milungu isanu ndi inayi, ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pa chaka. Ana akachuluka, chizolowezi chathu ndi kuwaika m'thumba ndi kukawataya kutchire, kumene opulumuka amasanduka olusa, nadya nkhwali ndi zinziri, nakwerana ndi avumbwe mpaka mtundu weniweni wa vumbwe umasungunuka. Kufula wamwamuna ndi kutseka wamkazi ndi ntchito ya madokotala a ziweto, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene limaigwira. Amene angathe, achite.

Koma bwalo lopanda mphaka silikhala la mbalame chifukwa cha chimenecho chokha. Ife Achewa ndi Angoni timakonda bwalo losesedwa mbee, ndipo n'chifukwa chabwino, pakuti njoka siibisala poyera. Komabe kuseri kwa nyumba, kumalire a munda, mukhoza kusiya mkuyu, msuku, mpoza kapena mpapaya umodzi woti zipatso zake zapamwamba, zimene ndodo siifika, zikhale chachikhumi cha mbalame. Nkhalango ya Mchinji, imene boma lidaipatula kukhala yotetezedwa m'chaka cha 1924, tonse tikuona m'mene ikuyereramo, mitengo ikupita ku zigafa, ku makala ndi ku uvuni wa njerwa. Ndipo pamene tsamba ndi muwanga zikutha m'phiri, zolengedwa zimene zinkakhalamo zilibe kothawira koma m'mitengo ya pakhomo pathu. Dziko la Malawi, laling'ono chotere, lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ena mwa anamzeze amene amadzaza mawaya mvula ikayandikira achokera ku Ulaya, aoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara pa timapiko tawo tating'ono. Kungakhale kupanda ulemu kotani kuti wapaulendo wotere, wopulumuka zonsezo, athere pakhomo panga m'kamwa mwa chiweto chokhuta, kapena pa mwala wa legeni?

Ndatchula legeni, ndipo ndisabise, ine ndemwe ndidali katswiri wake, ndi wa ulimbo womwe; timba ndi mpheta zambiri zidathera pa makala chifukwa cha dzanja ili. Sindiweruza mwana amene akusaka ndiwo pakhomo posowa ndiwo, monganso sindiweruza okumba mbewa, kupatula pamene atentha tchire lonse chifukwa cha mauna atatu. Sindinenanso kuti alendo athuwa ndi angelo: atchete ndi mpheta amakolola mapira asanaitanidwe, pumbwa amaboola tomato wakupsa yemwe mumati mukagulitse, ndipo kabawi akaterera anapiye palibe mayi amene amaimba nyimbo yotamanda chilengedwe. Koma ikani pa muyeso mbozi zimene mbalame zimatola m'dimba pamene zikulera ana, chiswe chimene gulo amadya pa tsinde la mtengo, ndi udzudzu ndi tizilombo touluka timene nalimata amagwira pa khoma pafupi ndi nyali, ndipo mudzaona kuti ambiri mwa iwo amalipira msonkho wawo. Ndiye ndimati mwana amene waphunzira kusiyanitsa kulira kwa njiwa ndi kwa pumbwa, amene wapeza chisa cha timba ndi kusunga chinsinsi chake mpaka ana atauluka, wapeza chuma chimene sadzachigula ku sitolo, ndipo dzanja lake limayamba kulemera likafuna kukoka mphira.

M'mawa wa lero, ndisananyamuke kubwera kuno, ndidakhala pa khonde monga mwa masiku onse. Pa phale padali apumbwa atatu akusamba ndi kuwaza madzi ngati ana pa mjigo, njiwa ziwiri zikudikira pa nthambi, ndipo pa tsinde la mango gulo wa mutu wobiriwira ankagwedeza mutu wake, kuvomereza mlandu umene palibe adamufunsa. Mdzukulu wanga wamkazi, amene adayamba kulemba m'kope lake lakale mbalame iliyonse yatsopano, adandinong'oneza kuti, "Agogo, taonani, kaja kofiira kabweranso," ndipo tidafika pa mitundu khumi ndi inayi, ngakhale kuti itatu mwa iyo tikuitchula maina opeka tokha kufikira titapeza nkhalamba yoidziwa. Kuseri kwa waya mphaka adakhala chilili, maso ali pa phale, chibwano chikunjenjemera ndi kulira kwake kuja kwa kukhosi kumene amalira akaona chimene sangachifike. Kenaka adayasamula, natembenuka, nalowa m'nyumba kukakwera pa matumba ake, kumene dzulo lomweli adatisiyira mchira wa khoswe pakhomo pa chipinda. Amayi a kunyumba adatuluka ndi tsache, nayang'ana phale, nayang'ana ine, nandikumbutsa kuti papita chaka ndi mwezi umodzi chiswekere mtsuko uja, ndipo wina sindidagulebe.